Mafunso Anu: Msinkhu, Mafupa ndi Mphamvu pa Squat ndi Deadlift

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera m'makomboni a Harare akuzungulira pa funso limodzi: n'chifukwa chiyani anthu awiri onyamula zitsulo pa jimu imodzi, kwa nthawi yofanana, amasiyana kwambiri? Kwa amene angoyamba kumene, squat ndi kunjuta chitsulo chili pamapewa n'kudzukanso nacho, pomwe deadlift ndi kuzula chitsulo pansi mpaka utaima nacho njo.

FUNSO: Ndine wamtali masentimita 188 ndipo ndimalemera makilogalamu 74. Mnzanga ndi wa masentimita 165 koma pa sikelo timafanana. Tinayamba limodzi chaka chatha. Iye pa squat wafika makilogalamu 140, ine ndakakamira pa 90, ndipo ndikatsika ndimawerama ngati ndikupalira m'munda. Pa deadlift tonse tili pa 150. Kodi anthu aatali squat si yathu? (Mnyamata wa ku Mufakose)

YANKHO: Achimwene, kuweramako si ulesi ndiponso si matenda, akukulamulani ndi mafupa. Pali lamulo limodzi logwira wamtali ndi wamfupi yemwe: chitsulo chiyenera kukhala molunjika pakati pa phazi kuyambira potsika mpaka podzuka. Chikapitirira kutsogolo mugwa chafufumimba, chikatsalira kumbuyo mugwa chagada. Tsono mukatsika mpaka ntchafu zitagona mopingasa, utali wa fupa la ntchafu umagawika pawiri. Mbali ina imatengedwa ndi bondo lopita kutsogolo kwa mzere wa chitsulocho, yotsalayo imatengedwa ndi chiuno chobwerera kumbuyo.

Tiyerekeze kuti fupa lanu la ntchafu ndi masentimita 48 ndipo la mnzanuyo ndi 41, ndipo nonse bondo likutha kupita kutsogolo masentimita 18. Iye chiuno chikhala masentimita 23 kumbuyo kwa mzere, inu 30. Kuti chitsulo chibwerere pakati pa phazi, chifuwa chanu chiyenera kugwa kwambiri kuposa chake. Ndipo masentimita 7 amenewo si ochepa. Pitani ku Gazaland ku Highfield mukaone makaniko akamasula nati yolimba: amalumikiza paipi ku sipanala kuti italike, nati ija n'kumasuka mosavuta. Pa squat, chitsulo ndicho chagwira sipanala, chiuno chanu ndicho nati. Pa mtolo womwewo wa makilogalamu 100, chiuno chimene chili pa masentimita 30 chikupindidwa ndi mphamvu yoposa cha pa 23 ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse. Munthu wa ntchafu zazitali ndi thunthu lalifupi ndiye amawerama koposa onse, ngakhale asakhale wamtali kwenikweni. Choncho vuto si msinkhu wokha ayi, koma mmene msinkhuwo wagawikira.

Komabe kusiyana kwa makilogalamu 50 sikungachokere ku mafupa okha. Chifukwa chachikulu chili pa sikelo. Mphamvu ya mnofu imadalira kukhuthala kwake, osati kutalika, monga mmene chingwe chachitali sichiposera chachifupi kulimba pokhapokha chikhale chonenepa. Makilogalamu 74 a mnzanuyo aunjikana pa mafupa aafupi, ntchafu zake n'zojintcha. Anu amwazikana pa mafupa aatali. Mukulemera mofanana, koma mutayeza ntchafu zanu ndi tepi pakatikati, mupeza kuti yake ndi yaikulu. Pa deadlift mukufanana chifukwa mikono yanu yaitali ikukubwezerani zimene ntchafu zakulandani.

Nazi zoti musinthe, ndipo musinthe chimodzi pa sabata kuti mudziwe chimene chathandiza. Yambani ndi kaimidwe. Tanyulani miyendo kupitirira pang'ono mulifupi mwa mapewa, zala zakuphazi ziloze panja madigiri pafupifupi 30, ndipo potsika mawondo atsate kumene zala zaloza. Ntchafu ya masentimita 48 ikapendekera panja chotero, utali wake wolunjika kutsogolo umatsala pafupifupi 42, ndiye kuti chiuno chayandikira chitsulo popanda kudula fupa.

Kenako yezani akakolo. Gwadani bondo limodzi moyang'ana khoma, chala chachikulu cha phazi lakutsogolo chitalikire khomalo masentimita 10, ndipo kankhani bondo likakhudze khoma chidendene chisanadzuke. Likalephera, akakolo anu ndi olimba ndipo akuletsa bondo kupita kutsogolo, motero utali wonse wa ntchafu ukuthawira kumbuyo. Nsapato zonyamulira zitsulo zimakhala ndi chidendene cholimba chokwera masentimita 2 kapena kupitirira pang'ono. Ngati mulibe, pondani ndi zidendene pa thabwa lopyapyala kapena timapuleti, tizitsulo tozungulira toveka m'mbali mwa chitsulo, ta makilogalamu 2.5. Nsapato zothamangira zofewa pansi zivuleni, chifukwa zimabonyoka mosafanana mukasenza katundu.

Za malo a chitsulo kumsana, yesani onse awiri. Chikakhala m'mwamba, pa mnofu wa m'munsi mwa khosi, thunthu limaima mowongokerapo koma ntchafu zimagwira ntchito yaikulu. Chikatsika masentimita 5 mpaka 7, n'kukhala pa minofu ya kumbuyo kwa mapewa, mumawerama kwambiri koma mtunda wa chitsulo ndi chiuno potsata msana umafupika, ndipo ambiri a ntchafu zazitali amanyamula zambiri motere. Kuwerama msana uli wowongoka ndi wolimba kulibe vuto. Cholakwika ndi pamene podzuka matako akuthamangira m'mwamba chifuwa chikadali pansi. Chimenecho ndi chizindikiro choti minofu ya kutsogolo kwa ntchafu yalephera ndipo yakankhira katundu ku msana. Mankhwala ake ndi kutsitsa mtolo mpaka 70, kuima pansipo masekondi awiri, n'kudzuka chifuwa ndi chiuno zikukwera limodzi. Chitani maseti anayi a maulendo asanu (kutsika ndi kudzuka kasanu, kupuma, n'kubwereza mpaka kanayi), kawiri pa sabata, ndipo muziwonjezera makilogalamu 2.5 sabata iliyonse imene mwamaliza bwino.

Chotsala ndi mbale ya chakudya, ndipo apa ndi pamene aatali ambiri amagonjera. Pa msinkhu wanuwo thupi lili ndi malo oti mufike 85 kapena 90. Mukufunika mapuloteni okwana magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kwa inu ndiye pafupifupi 120. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka 8, kapu ya nyemba zophika 15, nyama ya nkhuku yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30. Matemba ouma ndi nyama ya soya youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo ku Mbare Musika zimapezeka chaka chonse. Nsima, kapena titi sadza monga tazolowerera kuno, musaichepetse, ndiyo nkhuni zake. Kukwera kilogalamu imodzi pamwezi n'kokwanira.

FUNSO: Ndili ndi mikono yaifupi. Ndikawerama kuti ndigwire chitsulo pa deadlift, msana umapindika ndisanayambe n'kukoka komwe. Anzanga akuti ndiyese sumo, deadlift yotanyula miyendo kwambiri, ena akuti sumo ndi kubera. Ndimvere ati? (Bambo wa ku Highfield)

YANKHO: Bambo, yambani mwayeza. Tambasulani mikono pakhoma, wina ayeze kuchokera ku nsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kukafika ku linzake. Kwa anthu ambiri muyezo umenewu umayandikana ndi msinkhu wawo. Ukapitirira msinkhu ndi masentimita 5 kapena kuposa, deadlift ikukondani. Ukaperewera, mudzavutika kufikira chitsulo. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo sichisamala za msinkhu wa munthu. Mapuleti ovomerezeka ndi masentimita 45 m'mimba mwake, choncho pakati pa chitsulo pamakhala masentimita 22.5 kuchokera pansi, kaya wonyamulayo ndi wamtali bwanji. Wa mikono yaifupi ayenera kupinda chiuno ndi mawondo kwambiri kuti afike pamenepo, ndipo chiuno chikafika pamapeto pa kupindika kwake, msana ndi umene umamaliza ulendowo.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi Lamar Gant wa ku America, munthu wamfupi wa mikono yaitali modabwitsa ndi msana wokhota, amene mu 1985 anazula makilogalamu pafupifupi 300 iye akulemera 60. Ataima njo, chitsulo chinkathera pafupi ndi mawondo.

Musanathawire ku sumo, bwezani masentimita amene mukutaya pachabe. Gwirani chitsulo pafupi kwambiri ndi miyendo kuti mikono ilendewere molunjika, chifukwa kugwira motalikirana kumafupikitsa mikono imene ndi yaifupi kale. Mapewa musawakokere m'mwamba kapena kumbuyo poyamba, alekeni atsike ngati mwanyamula zigubu ziwiri za madzi. Valani nsapato zafulati zopyapyala pansi. Chitsulo chikhale pakati pa phazi, masentimita 2 kapena 3 kuchokera ku misongolo. Kokani mpweya wodzaza mimba, limbitsani, kokani chitsulo pang'ono mpaka mumve kuti chagunda mapuleti, kenako kankhani nthaka ndi mapazi. Kuchithyola mwadzidzidzi ndiko kumapinda msana.

Sumo ndi kutanyula miyendo kwambiri, manja n'kugwira m'kati mwa mawondo. Chiuno chimayandikira chitsulo, thunthu limaima mowongokerapo, ndipo mtunda umene chitsulo chikuyenda umafupika. N'chifukwa chake imayanja ambiri a mikono yaifupi ndi thunthu lalitali. Si kubera: bungwe loyang'anira mipikisano yonyamula zitsulo la International Powerlifting Federation (IPF) limailola, ndipo Ed Coan, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pa masewerawa, anazula makilogalamu 409 mu 1991 m'gulu la olemera 100 atatanyula miyendo chomwecho. Mipikisano yambiri ya strongman, ya ziphona zonyamula katundu wolemera wosiyanasiyana, ndiyo imaikana. Koma sumo ili ndi mtengo wake. Chitsulo chimachedwa kuchoka pansi, ndipo amene alibe chipiriro amatukula matako msanga, mawondo n'kugwera m'kati, phindu lonse n'kutha. Imafunanso mfundo za m'chiuno zotseguka bwino. Ipatseni masabata asanu ndi atatu pa mtolo wopepuka, misongolo ili chilili, mawondo akuloza kumene zala zaloza. Mukamva kutsina kutsogolo kwa chiuno, bwezani miyendo m'kati pang'ono. Pakutha pa masabatawo yerekezani mitundu iwiriyi pa maulendo atatu, ndipo mukhale ndi umene msana wanu sukupindika.

FUNSO: Tikukangana pa jimu. Wina amalemera 62 ndipo amazula 170, wina amalemera 105 ndipo amazula 230. Wamphamvu ndani? (Anyamata a ku Kambuzuma)

YANKHO: Ngati funso ndi loti ndani angatukule galimoto yotitimira m'matope, ndi wa 230. Ngati mukuyerekeza ndi thupi, kugawa mtolo ndi kulemera kwa munthu kumakondera wopepuka. Taganizani munthu atakula ndi magawo 10 pa 100 mbali zonse. Kukhuthala kwa minofu yake, kumene kumabala mphamvu, kukwera ndi magawo 21, koma kulemera kwake kukwera ndi 33. Thupi likamakula, kulemera kumathamanga kuposa mphamvu. N'chifukwa chake Gant uja anazula kasanu kulemera kwake, pomwe Hafthor Bjornsson wa ku Iceland, chimphona chopitirira mamita awiri cholemera pafupifupi makilogalamu 200, atazula 501 mu 2020 kunali kawiri ndi theka chabe. Onaninso kuti mtolo waukulu choncho unazulidwa ndi munthu wamtali, monganso 500 ya Eddie Hall mu 2016 mumzinda wa Leeds. Wamtali akadzaza mafupa ake ndi minofu, denga lake limakhala pamwamba.

Pa mipikisano amagwiritsa ntchito masamu oyerekeza mtolo ndi kulemera kwa munthu, monga DOTS kapena IPF GL, amene mungawapeze pa foni. Njira yachidule yake ndi iyi: pezani cube root ya kulemera kwa munthu (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe, yankho n'kulichulukitsanso nayo, imapereka kulemerako), ichulukitseni ndi iyo yomwe, ndipo mugawe mtolo ndi yankholo. Wa 62 apeza 15.7, ndipo 170 kugawa ndi 15.7 ndi 10.8. Wa 105 apeza 22.3, ndipo 230 kugawa ndi 22.3 ndi 10.3. Wopepukayo wapambana, koma ndi pang'ono zedi, osati mmene amadzitamira.

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 34, wa chiuno chachikulu. Mphunzitsi akuti mapazi ndiziimika moyandikana, zala zitaloza kutsogolo, koma ndikatsika ndimamva kutsina m'mphechepeche ndipo mawondo amagwera m'kati. (Mayi wa ku Mabvuku)

YANKHO: Mayi, kaimidwe kameneko si lamulo. Mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'kambale ka fupa la chiuno, ndipo kambaleko mwa ena n'kakuya, mwa ena n'kosaya, mwa ena kaloza kutsogolo, mwa ena m'mbali. Khosi la fupa la ntchafu nalonso limapotoka mosiyana munthu ndi munthu, nthawi zina ngakhale mwendo ndi mwendo. Kutsina kumene mukumvako kawirikawiri ndi fupa kufika pamalire pake, ndipo fupa silitambasuka ngakhale mutadziwongola chaka chathunthu. Kukula kwa chiuno koonekera kunja sikunena mmene mfundoyo inapangikira m'kati.

Pezani kaimidwe kanu motere. Gwirani chitseko kapena mzati ndi manja awiri, njutani opanda chitsulo, ndipo muli pansi pomwepo suntheni mapazi pang'onopang'ono, kutanyula ndi kulozetsa zala panja, mpaka mupeze pamene mukutsika kwambiri popanda kutsina ndiponso m'munsi mwa msana musanapindike. Lembani malo a mapaziwo ndi choko pansi. Kuya kofunika pa mpikisano ndi pamene pamwamba pa ntchafu, polumikizana ndi chiuno, patsika kupitirira pamwamba pa bondo. Kukhudza zidendene ndi matako sikofunika.

Mawondo akamalowa m'kati pang'ono pa ulendo womaliza wolemera, si nkhani yoopsa. Akamagwa pa ulendo uliwonse, mtolo wachuluka kapena phazi likugwera m'kati. Pondani ndi malo atatu: chidendene, tsinde la chala chachikulu ndi tsinde la chala chaching'ono. Yambani ndi puleti ya makilogalamu 10 mutaifungatira pachifuwa, maseti atatu a maulendo khumi. Chitsulo cha amuna chimalemera 20, cha amayi 15 ndipo n'chowonda, mamilimita 25, kotero manja aang'ono amachigwira bwino pa deadlift. Kutsinako kukapitirira ngakhale mutasintha kaimidwe, kapena kukayamba kumveka poyenda ndi pokhala, kaonaneni ndi dokotala wa mafupa kapena wa mafizo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 14 wayamba kunyamula zitsulo. Agogo ake akuti apinimbira. (Kholo la ku Dzivarasekwa)

YANKHO: Sapinimbira. Msinkhu umachokera ku mtundu, chakudya ndi thanzi la paubwana. Anthu amaona akatswiri aafupi monga Naim Süleymanoğlu wa ku Turkey, wa masentimita 147, amene pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988 anakweza pamwamba pa mutu makilogalamu 190 iye akulemera 60, n'kuganiza kuti zitsulo ndizo zinamufupikitsa. Zoona zake n'zakuti masewerawo m'magulu a opepuka amasankha aafupi, monga basketball isankhira aatali. Choopsa kwa mwana ndi kupikisana ndi anzake pa mtolo wa kamodzi popanda wamkulu woyang'anira, chifukwa nsonga za mafupa ake zikadali zanthete ndipo ngozi ikhoza kuzivulaza. Anyamule zimene angathe maulendo 8 mpaka 12 mwaukhondo, kawiri kapena katatu pa sabata. Dziwaninso kuti pa zaka zimenezi miyendo imatalika msanga kuposa thunthu, kotero squat yake ikhoza kusokonekera kwa miyezi ingapo. Zikatero achepetse mtolo, aphunzirenso kaimidwe.

FUNSO: Ndanenepa kuchoka pa 95 kufika 112. Squat yakwera, deadlift yatsika. Zatheka bwanji? (Bambo wa ku Rugare)

YANKHO: Zimachitika kawirikawiri. Pa squat, thunthu lokhuthala limachirikiza chitsulo bwino, ndipo pansi mimba ikagunda ntchafu, ntchafu n'kugunda akatumba, thupi limapeza pokankhira. Pa deadlift mimba yomweyo imatchinga njira: simungathe kupinda chiuno mokwanira, ntchafu zonenepa zimakankhira mikono panja, ndipo zikhatho zonenepa zimachepetsa kugwira. Tanyulani mapazi pang'ono ndi kulozetsa zala panja kuti mimba ipeze malo pakati pa ntchafu, ndipo pakani choko m'manja. Koma bambo, makilogalamu 17 amenewo ngati ambiri ali pamimba, kayezetseni BP musanapitirize. Kubanika mpweya pansi pa mtolo wolemera kumakweza kuthamanga kwa magazi kwambiri kwa kanthawi, ndipo kwa munthu wa BP yokwera amene sakumwa mankhwala, zimenezi si zoseweretsa.

FUNSO: Ndilibe ndalama ya jimu. Ndinaumba zolemera za simenti m'zitini za penti ndi paipi yowotcheretsa ku Siyaso. Ndine wamtali 185, ndipo msana umawawa tsiku lililonse ndikachita deadlift. (Wowerenga wa ku Epworth)

YANKHO: Achimwene, tengani tepi muyeze kuchokera pansi kufika pakati pa paipiyo. Chitini cha malita 5 chikagona chammbali, paipi imakhala masentimita osapitirira 10 kuchokera pansi, pomwe muyezo wake ndi 22.5. Ndiye kuti mukuwerama masentimita 12 kapena kuposa kupitirira katswiri wa pa mpikisano, ndi miyendo yanu yaitaliyo. Msana sungapirire zimenezo. Sanjani njerwa ziwiri zogoneka pansi pa chitini chilichonse, pamalo osagwedera, ndipo ikani kamtengo m'mbali kuti chisagubuduke. Wa msinkhu wanu akhoza kuyambira ngakhale pa masentimita 30, n'kumatsika pang'onopang'ono pamene msana ukuphunzira kukhala wowongoka.

Dziwaninso kulemera kwa zimene mukunyamula. Konkire wouma amalemera makilogalamu pafupifupi 2.4 pa lita, kotero chitini cha malita 5 ndi 12 ndipo ndowa ya malita 20 ndi 48. Pimani mbali zonse ziwiri pa sikelo ya ogulitsa chimanga, chifukwa kusiyana kwa makilogalamu awiri kapena atatu kumapotoza chiuno pa ulendo uliwonse. Paipi yamadzi imakhala yonenepa kuposa chitsulo cha pa jimu, chimene ndi mamilimita 28 kapena 29, ndipo ikaterereka m'manja imachoka pa miyendo n'kukokera msana kutsogolo. Ikwechecheni ndi fayilo pogwirira, ndipo pokoka izikhudza misongolo ndi ntchafu ulendo wonse. Valani masokosi aatali kuti isakusupuleni.

Lekani kukoka tsiku lililonse. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, maseti atatu a maulendo asanu, n'kokwanira, ndipo pewani kuchita mutangodzuka kumene, chifukwa m'ola loyamba la m'mawa timatayala ta pakati pa mafupa a msana timakhala todzaza madzi ndipo sitilola kupindika. Kuwawa kwa minofu kumene kumatha pa masiku awiri kapena atatu si vuto. Ululu wotsika ndi mwendo kupitirira bondo, dzanzi kuphazi, kapena phazi kufooka, siyani zitsulo mukaonane ndi dokotala. Dzanzi likagwira pakati pa miyendo kapena mkodzo ukayamba kuvuta kutuluka kapena kuugwira, pitani ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.